Anatitsekera Bala Alendo a Malume Ali Pakhomo

Ndalipira mapaundi 189 kuti malume anga akavulidwe ulemu pagulu. Imelo ndalemba katatu. Foni ndaimba mpaka khutu kutentha. Zomwe andiyankha zangondiwonjezera ukali, ndiye ndabwera nazo pano kuti mumve nonse. Hotela yake sinditchula dzina. Ili mkati mwa paki ija ya zitsulo zozungulira ndi tisitima tothamanga m'mwamba, ku Yorkshire. Amene munapitako ndi ana mwaidziwa kale.

Ine ndimakhala ku Middlesbrough, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Mng'ono wanga Lonjezo anapeza mnyamata wa ku Salford, dzina lake Kondwani. Makolo athu anatisiya tili ana. Anatilera ndi malume, a Mbewe, alongo awo a mayi athu. Kwathu ku Dedza anali ahedi a sukulu, munthu woti akamadutsa anthu ankavula zipewa. Kuno akhala zaka zisanu ndi ziwiri akudikira yankho la asayilamu, pempho loti boma liwalole kukhala kuno ngati othawa kwawo, m'kachipinda kamodzi, m'nyumba yogawana ndi amuna ena anayi omwe sanawasankhe. Lamulo la m'nyumbamo ndi loti alendo ayi. Inenso ndili ndi kachipinda kamodzi, bedi ndi ketulo basi.

A kwawo kwa Kondwani ndi anthu okhazikika. Malume ake, a Kamanga, ali ndi nyumba yawoyawo ndi galimoto ya mipando isanu ndi iwiri. Akazi awo ndi anesi pachipatala chachikulu. Sanalakwe kukhala nazo, anazikhetsera thukuta. Koma mawu anali atatifika kale kudzera kutchalitchi. Ati mtsikanayo ndi wongotola, alibe eni, akungofuna mapepala okhalira m'dziko lino. Lonjezo atamva analira masiku awiri.

Nthawi yofunsira mbeta itakwana, a Kamanga anaimba foni kuti tingopita kwawo, malo alipo. Malume anakana.

"Kodi ndi liti mbeta inanyamuka kukadzifunsiritsa kuchimuna?" anatero kwa ine. "Ofunsira ndi amene amayenda. Amafika pakhomo, amati odi, ife timati lowani. Ayambe amwa madzi athu, ndiye anene chimene abwerera. Akaona choncho adziwa kuti mwanayu ali ndi eni."

Ndiye ntchito yanga inali yopezera malume khomo, ngakhale la tsiku limodzi. Hotela imeneyi ili pakatikati pa ife ndi Salford. Ana a a Kamanga akanakhala akusewera kupaki, akuluakulu nkumakamba zawo mwamtendere. Pachithunzi panali bala yokongola, mipando yachikopa, moto woyaka m'khoma, tebulo lalitali. Pansi pake analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti bala imatsegulidwa 12 koloko masana mpaka 11 koloko usiku, tsiku lililonse. Mawu akuti tsiku lililonse muwasunge.

Sindine mwana, ndinaimba foni katatu. Ndinafotokoza zonse. Tidzakhala anthu angapo, ndi nkhani ya banja, ife tidzafika msanga koma sitidzagula kanthu mpaka alendo athu atafika. Mtsikana wa parisepushoni anati palibe vuto, love, muja amaitanira aliyense kuno, walemba mukompyuta. Ndinafunsanso kuti bala sidzatsekedwa masana? Anaseka. Ati Loweruka? Sizingatheke.

Chipinda ndinachilembetsa m'dzina la malume dala, kuti akhale iwo eni malo. Titafika Loweruka lija, wa parisepushoni anatchula dzina lawo nkuwapatsa kakhadi kotsegulira chitseko. Anakatembenuza uku ndi uku, nkukaika m'thumba la pachifuwa.

"Ndiye lero ndili ndi khomo," anatero chapansipansi.

Anavala suti yawo yomwe anabwera nayo kuchokera kumudzi. Masiku ano imawakulira m'mapewa, koma anaisita okha mpaka mizere kuima. M'thumba lamkati munali envelopu. Kwa miyezi itatu ankapatula pang'onopang'ono pa kandalama kamene boma limawapatsa ka chakudya, kuti zakumwa zoyamba za alendo agule iwo, ndi dzanja lawo. Ndinawauza kuti malume, ine ndili pantchito, ndilipira. Anandiyang'ana ngati mwana wa Sitandade 3 woti wayankha mopusa.

"Mlendo wanga amwe za m'thumba mwanga. Iwe zako udzagule ulendo wachiwiri."

1:30 masana tinakhala pansi mubala. Ine, malume, ndi mayi Jere, amayi achikulire a kutchalitchi kwathu omwe anabwera kudzatiimira kuchikazi. Lonjezo tinamusiya m'chipinda, atavala chitenje chake chatsopano, kudikira kuti aitanidwe nthawi yake ikakwana. Alendo tinapangana 2 koloko.

1:45 wogulitsa mubala, bambo wamtali wandevu, anabwera kudzafunsa ngati tigula kanthu. Ndinati tikudikira alendo, zalembedwa mukompyuta mwanu. Anagwedeza mutu nkubwerera. 2:10 anabweranso. Yankho lomwelo. 2:20 a Kamanga anaimba kuti pamsewu waukulu pali mdipiti wa magalimoto, koma ali pafupi.

Apa ndivomere, chifukwa ena mwa inu mundifunsa. Inde, ndikanagula tiyi mmodzi kuti bamboyo atione ngati makasitomala. Ndinafika ponyamuka. Malume anandigwira mkono.

"Khala pansi. Alendo afike apeze makapu akudakuda patebulo, ngati tawayambira phwando? Mwininyumba samwa mlendo asanafike."

Ndinakhala pansi. Kwathu umenewo ndi ulemu. Sindinadziwe kuti kuno ndi mlandu.

2:50 foni inaliranso. Afika, akusiya ana pageti la paki ndi mlongo wake wa Kondwani. Malume anakonza tayi. Mayi Jere anapukuta tebulo ndi mpango wawo ngakhale linali loyera kale.

2:55 ndinamva chitsulo chikukhuluzika. Kucheuka, bambo wandevu uja wazula kabati ya ndalama, wazimitsa magetsi a pamabotolo, akutsitsa chitseko chachitsulo. Gwa! Ndinathamanga. Ndinati bambo, mukutani? Ati watseka. Ati kuli zii, manijala wamuuza kuti akathandize kugulitsa masoseji kupaki chifukwa mzere uli kumeneko. Ndinati alendo athu ali panja pomwepa, mphindi zisanu zokha. Ati pepani, love, si iye amapanga malamulo. Ati atsegulanso 6 koloko. Anatuluka akuimba mluzu.

6 koloko? Mayi Kamanga anali ndi shifiti ya usiku ku Salford. Tinkadziwa tonse kuti ikamakwana 5 koloko ayenera kukhala ali pamsewu.

3:05 a Kamanga anaima pakhomo la bala, akazi awo pambali, m'bale wawo wina kumbuyo. Kondwani anatsala mugalimoto monga mwa mwambo. A Kamanga anaomba m'manja kawiri.

"Odi kuno!"

Malume anaimirira, chifuwa patsogolo, mawu a ahedi aja atabwerera. "Odini, lowani. Takulandirani."

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinali ndisanawamve akulankhula choncho. Anthu anakhala pansi. Moni anazungulira, mmodzimmodzi, za ulendo, za ana, za kumudzi. Kenako malume anapisa dzanja m'jekete, nkundiyang'ana. Iwo chitsulo chija anachimva, koma ankaganiza kuti ndi nkhani yoti munthu ukapita kukalankhula bwinobwino ikonzeka. Nanenso ndinkaganiza choncho.

Parisepushoni ndinapeza mayi wina, osati mtsikana wa pafoni uja. Ndinamuonetsa pafoni yanga pomwe analemba kuti 12 mpaka 11, tsiku lililonse. Anakulitsa chithunzicho ndi zala nkundilozera timawu ta pansi penipeni, toti nkuwerenga ndi magalasi awiri. Ati maola akhoza kusintha malinga ndi nyengo. Nyengo yanji? Ya masoseji?

Ndinati ndiitanireni manijala. Ati watanganidwa. Ndinati ndidikira, ndipo sindichoka pano. Ndinaima pamenepo mphindi makumi awiri, ndikusuzumira kubala. Mayi Jere anali atayamba nkhani ya mitengo ya ufa, kungofuna kuti pasakhale chete. Mayi Kamanga ankangoyang'ana wotchi.

3:30 manijala anatulukira, kawailesi kali m'manja. Sanandifunse dzina. Ati wamva kale nkhani yathu, ndife aja takhala ola ndi theka osagula ngakhale paketi ya mtedza. Ati iyi ndi bizinesi, sangasunge munthu mubala kuti azingoyang'anizana ndi anthu osagula. Ndinati zinalembedwa mukompyuta. Anayang'ana. Ati palembedwa kuti banja lidzakhala mubala, basi, zodikira alendo palibe.

 Ndinati chabwino, zapita. Titsegulireni mphindi khumi zokha. Ati makiyi apita ndi bambo uja kupaki. Nanga tiyi wa m'thipoti? Ati khitchini imatsegulidwa 5 koloko. Nanga jagi ya madzi ndi matambula asanu ndi limodzi? Madzi a pampopi, abale anga. Ati matambula ali kuseri kwa chitsulo. Ati koma ndisadandaule, pafupi ndi lifiti pali makina ogulitsa zakumwa.

Hotela ya mapaundi 189 usiku umodzi ilibe jagi? Inuyo mukadzuka m'mawa mumamwera m'manja?

Ndinabwerera kukanong'oneza malume. Nkhope yawo sinasinthe. Anandipatsa envelopu ija pansi pa tebulo. Ndinathamanga nayo kumakina. Makinawo salandira ndalama zamapepala. Amafuna zachitsulo kapena khadi ya kubanki, ndipo malume khadi ya kubanki alibe. Ndinagula ndi yanga mabotolo asanu ndi limodzi a madzi, lililonse mapaundi awiri ndi theka. Ndinawanyamula m'manja ngati wogulitsa padepoti, envelopu ili m'khwapa yosatsegula.

Malume anailandira envelopuyo nkuibweza m'jekete. Anatenga mabotolowo nkumapereka okha, limodzilimodzi, ndi manja awiri. A Kamanga analandiranso ndi manja awiri, Mulungu awadalitse. Akazi awo anaika botolo lawo patebulo osalitsegula.

Mukuganiza kuti zathera pomwepo? 3:45 a Kamanga anakonza kukhosi kuti ayambe mawu. Pomwepo zitseko zinatseguka. Analowa antchito awiri ndi ngolo, kumbuyo kwawo munthu wovala chovala cha chimbalangondo, mutu wa chimbalangondocho ataunyamula m'khwapa. Anayamba kusanjikiza mipando. Wina anayatsa nyimbo za ana mpaka mazenera kunjenjemera. Ati bala ikatsekedwa malowa amawakonzera chionetsero cha ana cha madzulo, tisunthe. Wina anaima kumbuyo kwa a Kamanga atagwira kale mpando wawo, kudikira kuti anyamuke.

Ndinathamangiranso kwa manijala. Apa mawu anali atakwera, sindikana. Ati nditsitse mawu, pali mabanja. Ife ndiye ndife chiyani? Ndinati tipatseni ngodya iliyonse, mipando isanu ndi umodzi. Ati kuli chipinda cha misonkhano, koma chimenecho nchobukitsa sabata isanakwane, ndipo chili ndi mtengo wake. Ndinati nanga kuchipinda kwathu? Ndinkadziwa kuti nzosayenera, kukhazika akuchimuna pabedi, mbeta ili pompo, koma ndinali nditathedwa nzeru. Ati chipindacho ndi cha anthu atatu, malamulo a ngozi ya moto salola kupitirira apo. Malamulo amenewa ndiye anawakumbukira bwinobwino.

Panja mvula inali itayamba. Tinaima pakhonde la hotela, anthu asanu ndi mmodzi ovala za kutchalitchi, mabotolo m'manja, ana a eni ake akutidutsa ndi mabaluni. A Kamanga si munthu woipa. Anaona kuti zavuta, anafuna kuthandiza.

"A Mbewe, tiyeni mugalimoto. Malo alimo, muli hita yotenthetsa. Nkhaniyi ndi yaifupi."

Akazi awo analankhula chapansipansi, koma mokwanira kuti ndimve. "Ndinanena ine kuti angobwera kunyumba. Zonsezi za chiyani? Ine shifiti ikundidikira."

Malume anamva. Ndikudziwa kuti anamva chifukwa makutu awo ndi a mphunzitsi. Koma anayenda, mvula ikuwanyowetsa suti. Kondwani anatuluka mugalimoto kukaima pansi pa mtengo kuti akuluakulu akhale. A Kamanga anawakhazika malume pampando wapakati, pambali pa kampando ka mwana, nyenyeswa za mabisiketi paliponse. Maondo anafika pachifuwa. Ine ndi mayi Jere tinapanikizana kumbuyo.

A Kamanga anatembenuka ali pachiwongolero, dzanja limodzi pamutu wa mpando.

"Ife tabwera, a Mbewe. Tatumidwa ndi mwana wathu Kondwani. Akuti waona duwa pakhomo pano..."

Anaima. Anadzimva okha kuti atchula khomo ali mugalimoto yawo. Munangomveka mvula padenga la galimoto.

Malume anaika botolo la madzi pamwendo nkuyankha.

"A Kamanga, mawu anu ndi abwino, ndipo mwayenda ulendo wautali. Zikomo. Koma muno ine ndine mlendo wanu. Mlendo sapereka mwana. Tidzakumanenso ndikadzapeza pokulandirirani."

Anavutika kutsegula chitseko chifukwa chinali ndi loko wa ana. A Kamanga anachita kutuluka kudzawatsegulira. Malume anatsika, anagwira chanza aliyense, nkuyenda mumvula kubwerera kuhotela osathamanga.

Lonjezo tinamupeza atakhala m'mphepete mwa bedi, manja pamaondo, duku lili bwinobwino. Maola atatu akudikira kugogoda kwa chitseko. Anaona suti ya malume ikudontha. Anangovula dukulo nkulipinda.

Ndipo mudziwe, 6:05 ndikudutsa kukapitidwa mphepo, ndinapeza bala yatsegulidwa, magetsi ali ngwee. Bambo wandevu uja anandiona. Anamwetulira. Ati kodi tsopano takonzeka kugula?

Ndinalemba imelo yoyamba Lolemba. Anayankha patatha masiku asanu ndi anayi kuti akuthokoza chifukwa cha maganizo anga. Yachiwiri anati afufuza ndipo apeza kuti antchito awo anatsatira ndondomeko. Yachitatu ndinalemba zonse monga ndalembera pano, za envelopu, za galimoto, zonse.

A Kamanga anaimba sabata yotsatira. Anati iwo sanakhumudwe, tsiku lililonse lomwe a Mbewe anene adzabwera. Abusa athu anavomera kutibwereka chipinda cha kutchalitchi mwezi wotsatira, tsiku lomwe ine ndi mayi Kamanga tonse tili pa ofu. Malume anayamba kusitanso suti.

Patatha milungu itatu chichitikireni za kuhotela, malume anapita kukasaina ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka, monga amachitira nthawi zonse. Sanabwerere. Anawasunga, ndipo pano ali kumalo osungirako anthu omwe boma likufuna kuwabweza kwawo, kumwera, pafupi ndi bwalo la ndege. Loya wawo akuyesetsa. Palibe akudziwa kuti zitha bwanji.

Zimenezo sindikunamizira hotela. Si iwo anawatenga. Koma Loweruka limene lija linali lokhalo lomwe munthuyu anali ndi khomo, kiyi m'thumba, alendo atati odi. Chinkafunika ndi mphindi khumi ndi matambula asanu ndi limodzi. Masoseji anaposa zimenezo.

Lonjezo wauza Kondwani kuti popanda malume palibe chichitike. Kondwani akuti adikira. Mayi Kamanga akuti tiona. Kutchalitchi mawu aja ayambiranso, ndipo tsopano ali ndi umboni woti akuchimuna anakadzionera okha: anthu aja analandirira alendo pamalo oimika magalimoto.

Dzulo ndinapita kukatenga katundu wa malume m'kachipinda kaja, chifukwa akufuna kuikamo munthu wina. Zonse zinakwana m'zikwama ziwiri. M'thumba la jekete ndinapeza kakhadi ka chitseko cha hotela, sanakabweze. M'thumba lamkati munali envelopu ija, yomatabe, pamwamba atalemba ndi dzanja lawo la pabolodi: Za alendo a Lonjezo. Madzulo malume anaimba foni. Sanafunse za suti, kapena za mabuku awo. Anangoti, "Envelopu ija musatsegule. Ili ndi ntchito."

Nditafika kwanga ndinapeza kalata ya kuhotela pansi pa chitseko. Yankho la imelo yachitatu. Ati posonyeza kukoma mtima kwawo anditumizira vocha ya zakumwa ziwiri zaulere. Pansi pake, timawu ting'onoting'ono tija: igwiritsidwe ntchito pa maola omwe bala ili yotsegula.

Ndiye inu a hotela, ndikudziwa kuti mumawerenga zimene anthu amalemba za inu. Ndiyankheni. Mumalemberanji tsiku lililonse pomwe mukutanthauza tsiku lomwe mwafuna? Mtsikana amene anandiuza kuti walemba mukompyuta analemba kuti? Munthu wokhala pampando wanu atavala suti, atalipira chipinda, amasanduka kasitomala pokhapokha ali ndi tambula m'manja?

Ndipo inu abale anga muli kuno opanda pokhazika mlendo, tilipo ambiri, musadzayese kubwereka khomo kwa anthu amenewa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pemphani abusa, pemphani mnzanu wa balaza lalikulu, ngakhale garaja.

Vocha yanu ndaiika pamodzi ndi envelopu ya malume. Zakumwa ziwiri zaulere. Ndiuzeni maola ake enieni, kenako mundiuzenso kuti munthu amene ankafuna kugulira alendo ake ndikamutenge kuti.